Za Luso la Kuima

Aliyense amene anabadwira pa chidikha cha Kasungu, kumene Mlengi anayala dziko mosalala kotero kuti munthu amaona chigafa cha mnansi wake akali kutali, amakula ndi chikhulupiriro chakuti njinga yamoto, ukaleka kuipatsa moto, idzaima yokha pa nthawi yake yoikika. Mu mpingo wa okhulupirira zimenezi, ine ndakhala mkulu zaka zambiri.

Njinga yanga ndi Honda CG125, mtundu umene a ku Japan anayamba kupanga mu 1975, ndipo ndinaigula kwa mlangizi wopuma pa ntchito, amene anazungulira nayo minda ya fodya kufikira utoto wake unaiwalika. Chaka ndi chaka, ndalama za ku okushoni ya Chinkhoma zikatuluka, ndinkaigulira hutala, magalasi ndi nsalu ya pampando, koma za mabuleki ndinkati mapazi alipo, mpaka tsiku limene mayi a kunyumba, atandandalika pakhonde nsapato zanga zonse zobooka kunsi, anafunsa mofatsa kuti: "Abambo, kodi fodyayu timalimira ana, kapena wosoka nsapato?"

Pamenepo ndinaikokera m'chigafa, ndipo nditachotsa gudumu la kumbuyo ndi kutsegula dilamu, ndinaona chinsinsi chonse: mashuzi awiri okhota, ogwirizidwa ndi masipuling'i, amene kachitsulo kotchedwa kamu kamawakankhira ku khoma la dilamu mwendo ukaponda. Angawo anali atadyeka kufikira chitsulo. Sipuling'i imodzi, posakondwa ndi pulayala yanga, inathawira mu mulu wa fodya, ndipo anthu odutsa, pondiona nditagwada, anachepetsa mawu poyesa kuti ndikupemphera. Nditaipeza, pokhala munthu wosaumira, ndinadzoza girisi zonse za m'katimo monga adzozera mfumu. Ndipo poiyesa, njinga ija inandipitiriza mwaulemu pakhomo panga, nikanditula mu nazale ya mnansi wanga. Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya dothi lothira manyowa.

Mwana wa mlongo wanga, amene amakonza njinga za akabaza pa boma, atasuzumira m'dilamumo anapukusa mutu. "Atsibweni," anatero, "girisi ndi wa pa kamu pokha, ndiponso pang'ono, buleki imagwira chifukwa cha kukhakhala, ndiye inu mwaiphunzitsa kuterera." Fumbi la m'katimo anandiletsa kuliuzira, popeza mashuzi akale ambiri anali ndi asibesitosi wowononga mapapo, nalipukuta ndi nsalu yonyowa, dilamu anaitsuka ndi kuipala ndi sandipepa, anaika mashuzi atsopano onse awiri, pakuti sasinthidwa limodzilimodzi, kenaka anamanga nati ya pa ndodo ya buleki mpaka chopondera chinkatsika masentimita 2 kapena 3 chisanagwire. Kebulo ya buleki ya kutsogolo, imene ndinali kuumitsirapo mpango, anaithira oilo nailamula kuti iyambe ntchito.

Tsopano njinga imaima, ndipo apa ndi pamene pagona tsoka langa. Kale, pamene wa golosale, wa feteleza ndi apongozi ankandiimika pa msewu wa M1 kuti tikambe za ngongole, ndinkawadutsa ndi nkhope yachisoni, ndikufuula kuti: "Pepani, ilibe mabuleki, tionana!" ndipo iwo ankandiperekeza ndi mapemphero. Koma mnyamata uja, pofuna kutchukitsa luso lake, walalikira ntchitoyi kuyambira ku Santhe mpaka ku Mtunthama, kotero kuti aliyense akangotukula dzanja ndimaima pa mapazi ake enieni. Ndipo ndikati adikire mabelo otsala agulitsidwe, amandiyankha kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Dzulo ndinapita kukamufunsa mnyamatayo mtengo wobwezeretsa mashuzi akale aja. Iye anandipatsa mpando, nandilonjera mwaulemu wonse, nandikumbutsa kuti atsopanowo sindinalipire.