Ndinali kunja kwa dziko

Mukamapita ku Dedza mu Juni, musaiwale juzi. Ine ndinanyozera, ndimvekere, "Kuzizira kwa ku Malawi kuno n'kuzizira kwanji?" Pofika pa boma mano anali gwedegwede, moti mayi wina wogulitsa kachewere anandiyang'ana ngati mwana wamasiye. "Achimwene, mwachokera ku Nsanje kodi?"

M'mawa mwake ndinakwera kabaza kupita ku Chongoni kukaona zojambula za pamiyala zija, zimene UNESCO inaziika m'kaundula wake mu 2006. Malo ake alipo 127. Ine ndinangoona amodzi, mawondo n'kukana. Akafula anajambula zofiira, Achewa zoyera, ndipo palibe anasiyapo dzina lake, pomwe ife lero ngakhale pachimbudzi cha pasukulu timasainapo ndi khala.

Koma pomwe panandikomera ndi pa Lizulu, njira yopita ku Ntcheu. Pamenepo msewu wa M1 ndiwo malire. Ndinawoloka, n'kukagula kabichi ku Mozambique popanda pasipoti, n'kubwerera minibasi isanadzaze. Panopa kumudzi ndikuuza aliyense kuti ndinali kunja. Akafunsa zomwe ndabweretsa, ndimangoloza kabichiyo.