Ukapanda Mano Usamaswe Phale

Akuluakulu adati ukapanda mano usamaswe phale. Ankanena munthu amene mano adamuthera, ndiye akaona anzake akukukuta chimanga chokazinga mtima umamuwawa mpaka kuponda phale kuti aliyense asowe pokazingira. Ine ndinkayesa mwambiwu ndi wa nkhalamba zokha. Ndazindikira tsopano kuti oswa mapale ambiri ndi anyamata a mano odzadza mkamwa, ndipo mmodzi mwa iwo ndi mwana wa mlongo wanga kwathu ku Mayani.

Mnyamatayu adabwera kuchokera ku Lilongwe ndi foni yaikulu ngati mbale ya ndiwo, n'kulengeza kuti tsopano ndi dizayina. Ndidadabwa, chifukwa ndimakumbukira ng'ombe imene adajambula ali Sitandade 4. Aphunzitsi adamuchongera poyesa ndi tebulo. Nditamukumbutsa, adangoseka. "Amalume, za pensulo zidatha kalekale. Pano kuli Canva. Mumangosankha, kusintha mawu, basi mwatumiza pa WhatsApp." Ndidamva phale likuti phwaa!

Chinenero chathu nachonso chimamuikira kumbuyo. Mawu akuti kujambula tidawasenzetsa katundu wambiri: wa pensulo akujambula, wa kamera akujambula, woimba amakajambula nyimbo, ngakhale kuchipatala amakujambula chifuwa. Ndiye ukafunsa mnyamata ngati amatha kujambula amavomera ndi mtima wonse, ndipo sakunama ayi. Dzulo lomweli wadzijambula kasanu atatsamira galimoto ya eni.

Koma ndisamupondereze, pena akunena zoona. Canva idayamba mu 2013 ku Australia ndi cholinga choti opanda mano adye nawo chimanga. Ndi mano oikirira, ndipo amatafuna ndithu. Komanso ntchito yambiri ya dizayini sifuna kuti uzitha kujambula nkhope ya apongozi mpaka iwo eni kuivomereza. Taonani mbendera yathu: mizere itatu ndi dzuwa. Mwana akhoza kuijambula ndi rula ndi chitsekerero cha botolo. Komatu mu 2010, boma la Bingu wa Mutharika litasinthanitsa mitunduyo n'kuika dzuwa loyera lathunthu pakati, dziko lidatokota, mpaka mu 2012, nthawi ya Joyce Banda, yakale ija idabwerera. Palibe adadandaula kuti dzuwalo lakhota. Mkangano udali pa chimene chaikidwa, pamene chaikidwa ndi chimene chikunena. Nako kachizindikiro ka Nike kamene timakaona pa nsapato za kaunjika tsiku la msika ndi kamzere kamodzi kokha, kamene Carolyn Davidson adakakonza mu 1971 akali pasukulu, n'kulipidwa madola 35. Kamzere kamodzi, inde, koma adayamba wadetsa mapepala ambiri asanakapeze.

Tsono mlongo wanga amakazinga chipisi pa chiwaya, ndipo kachewere kuno ku Dedza sasowa. Adapempha mwana wake amukonzere chikwangwani. Mnyamata adagwira usiku wonse, adakasindikiza ku boma pa pulasitiki wonyezimira, n'kubwera nacho atachikulunga ngati mphasa ya mfumu. Titachitambasula tidangoti kukamwa yasa. Zilembo za mitundu isanu ndi iwiri, zina zopendekera, zina zodontha golide. Malawi a moto m'mbali. Nkhunda youluka, sindikudziwa chifukwa chake. Pakati mzungu akumwetulira ndi chakudya chimene pa Mayani palibe adachilawapo. Mawu akuti chipisi adali obiriwira pamwamba pa zofiira, ochepa ngati nyerere, ndipo mtengo udabisala kunsi kwa phiko la nkhunda. Tsiku loyamba amayi ena adaima, adayang'anitsitsa, n'kufunsa mwaulemu kuti mneneriyo afika liti.

Pamenepo mpamene tidakaitana mkulu wina wolemba zikwangwani, amene wapenta magolosale ndi malo ometera ambiri m'dera lino. Adafika pa njinga ndi kachitini ka penti, burashi ziwiri, choko ndi chingwe. Sadayambe ndi kulemba. Adaoloka msewu, adakaima pamene akabaza amadutsa, adatsinzina diso limodzi, kenaka adabwerera. Adamenya mizere ndi chingwe, adalemba ndi choko, adafufuta, adalembanso. Mnyamata atafunsa chovuta, mkuluyo adati, "Mwana wanga, CHIPISI ali ndi ma I atatu. I ndi woonda, ukamupatsa malo ofanana ndi a H mawu amaoneka ngati mkamwa mwa agogo ako." Adalemba liwu limodzi lalikulu, loyera pamwamba pa zakuda, mtengo pansi pake, ndi mbale yofuka nthunzi. Kunena zoona mbaleyo idafanana ndi chisoti. Koma munthu ali pa njinga yamoto amawerenga asanadutse, njala n'kumugwira.

Apa ndi pamene ndidaona chimene pensulo imachita. Imakuchedwetsa. Ukamajambula ndi dzanja chinthu chilichonse chimene waika umachilipira ndi thukuta, ndiye umayamba wafunsa ngati nkhunda ikufunikadi. Pa foni nkhunda ndi yaulere, malawi ndi aulere, golide ndi waulere, ndipo munthu wa kwathu kuno chaulere sachisiya.

Makolo athu adazidziwa izi kale. M'mapiri a Chongoni, m'boma lathu lomweli, muli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene UNESCO idawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira adasiya Akafula, zoyera ndi za Achewa, zambiri zokhudza chinamwali, zopakidwa ndi chala ndi dothi loyera. Kukaona ku Mphunzi kapena ku Chentcherere upeza mizere, zozungulira ndi zinyama zotambasula miyendo zimene mphunzitsi wa Sitandade 4 akadaziika gulu limodzi ndi ng'ombe ya mwana wa mlongo wanga uja. Amayi amene ankajambula zoyerazo sankapikisana kuti chifanane ndi nyama yeniyeni. Ankadziwa woti aone ndani, ndipo amve chiyani. Namwali ankamva, ngakhale ife amuna mpaka lero timangoti ndi buluzi.

Ndisaiwale, mkulu wa burashi uja nayenso ali ndi phale limene amalilonda ndi mwala. Iye kompyuta amati ndi ya aulesi, chonsecho foni yake ndi ya mabatani, ndipo meseji amakamuwerengera mdzukulu. Mano a chimanga chimenecho alibe. Mlongo wanga atafuna kuti uthenga wa chipisi ufike m'magulu a WhatsApp a aphunzitsi ndi anamwino, burashi idangoti ndwii m'chitini. Adakonza ndi mnyamata yemwe uja, ulendo uno liwu limodzi lalikulu, loyera pamwamba pa zakuda, nkhunda atairekerera iuluke kwina. Sadavomere kuti waonera. Akuti ndi sitayilo yatsopano ya ku Ulaya.

Ndidamugulira kope ndi pensulo ziwiri kuti azikhwatchamo kaye asanatsegule foni. Masamba a kutsogolo ayambadi kudzadza ndi timabokosi ndi zilembo, a kumbuyo akulembamo angongole a mayi ake. Chikwangwani cha mneneri chija sitidataye. Mvula ikayamba, mlongo wanga amafunditsa matumba a kachewere, ndipo sichidontha.