Fulumira wagula anapiye

Akuluakulu anati Fulumira anadya gaga. Mkuluyu analephera kudikira kuti chimanga chikonoledwe, chiviikidwe n'kusinjidwa mpaka ufa uyere. Fulumira akadalipo mpaka lero, ndipo ali ndi foni yamakono. Akangoona pa WhatsApp mnzake atanyamula nkhuku yonenepa, m'mawa mwake watenga kale ngongole kubanki m'khonde, madzulo n'kutulukira pakhomo ndi katoni ya anapiye 100. Kalendala ali nayo, koma ntchito yake n'kubisa mng'alu wa pakhoma.

Tsoka lake, mwanapiye sadziwa kuti ngongole yatuluka. Chimene amadziwa ndi kuzizira. Sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, ndipo kutenthako kumatsitsidwa pang'onopang'ono mpaka nthenga zitamera. Tsono Fulumira wa ku Dedza kapena ku Mzuzu amagula anapiye mu Juni, pomwe anthu enieniwo akugona ndi majuzi. Wa ku Thyolo amawagula chiperoni chili wawawa. Magetsi akazima, anapiye amaunjikana pakona n'kupanikizana, apansi n'kufa. Bambo amene sanadzukepo mwana akulira usiku, 2 koloko imamupeza ali m'khola, akupemerera mbaula misozi ili chuchuchu ndi utsi. Pa bizinesi imeneyi amene amagula njinga ndi wogulitsa makala.

Wina amati athawe chisanu, agule mu Okutobala. Anapiye amakondwadi, makala sapita ambiri. Koma nkhuku zanyama zimakula msanga, ndipo nkhuku ilibe thukuta. Ikafika masabata 4 kapena 5 dzuwa la ku Chikwawa ndi Nsanje likupitirira madigiri 40, imangoyasama kukamwa, mapiko gwedegwede, chakudya osachiyang'ana. Miyezi yotentha yomweyi ndi imene chitopa chimakonda kusesa makola m'midzi. Chitopa chilibe mankhwala, chili ndi katemera basi. Wa I-2, wongodontheza m'diso, amapangidwa konkuno ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndipo nkhuku zachikuda zimayenera kulandira miyezi 4 iliyonse. Fulumira amakumbukira katemera nkhuku zitayamba kale kuodzera, n'kuthamangira tsabola ndi phulusa.

Nayo mvula ili ndi zake. Utuchi wa m'khola ukanyowa, anapiye amayamba kuchita zitosi zamagazi. Chimanga nacho chimakwera mtengo mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zili gwa. Nkhuku imodzi yanyama imadya pafupifupi makilogalamu 4 isanagulitsidwe, kutanthauza kuti anapiye 100 aja akufuna matumba 8 a makilogalamu 50. Fulumira amakhala atagula awiri. Otsalawo akawafuna kwa apongozi. Ndipo gaga amene amadalira kuti asakanize ndi chakudya cha nkhuku, chaka cha njala anthu amamulimbirana kuchigayo kuti akaphike nsima. Apa mwambi uja umakwaniritsidwa wonse: mwini ndi ziweto zake amagawana mbale imodzi.

Fulumira ali ndi mng'ono wake, Chidodo, amenenso sapindula. Nkhuku yanyama imakhwima pa masabata 6. Wofuna msika wa Khirisimasi ayenera kulowetsa anapiye m'khola sabata yachiwiri ya Novembala, ndipo khola likhale lopita mphepo. Chidodo amagula pakati pa Disembala ataona anzake akuyamba kugulitsa. Nkhuku zake zimakhwima kumapeto kwa Januwale, ndalama za anthu zitathera ku fizi ndi feteleza. Ogula amabwera ndithu, koma onse ndi a "mundilembe, ndipereka kumapeto kwa mwezi." Nkhuku zotsala sizimva zimenezo. Zimadyabe tsiku lililonse, phindu likusanduka manyowa.

Alimi odziwa amawerengera chobwerera. Amayamba ndi tsiku logulitsa, n'kubwerera mpaka tsiku logula. Wofuna mazira amadziwa kuti msoti umayamba kuikira pa masabata 18 mpaka 20, ndiye miyezi yoposa 4 adzakhala akudyetsa popanda cholowa m'thumba. N'chifukwa chake Epulo amakomera ambiri: mvula ikusiya, chimanga ndi soya zatsopano zikulowa pamsika mitengo ikutsika, ndipo pofika Juni anapiye amakhala atavala nthenga. Kumapeto kwa Ogasiti nakonso n'kwabwino kumadera okwera, chisanu chikutha, bola katemera wa chitopa ndi gumboro asaphonye tsiku. Nkhuku za Mikolongwe ndi zachikuda zimapirira kusiyana ndi zanyama zoyera zija, koma zikadali zazing'ono nazonso zimafuna moto.

Amene akufuna kuyamba ulimiwu ayambe wafunsa mlangizi wa ziweto wa m'dera lake, chifukwa mwezi woyenera ku Nsanje si woyenera ku Dedza. Agule chakudya, makala ndi katemera, akonze khola, apezeretu ogula. Katoni ya anapiye ibwere pomaliza.