Chibwenzi Chosafuna Ankhoswe

Masewero a pakompyuta otchedwa dating sim, momwe wosewera amafunsira mtsikana wojambulidwa mwa luso la anime, lomwe ndi zojambula za ku Japan za anthu a maso aakulu, anatchuka mu 1994 pamene Konami inatulutsa Tokimeki Memorial, ndipo lero timagulu tating'ono timapanga awoawo, monga Team Salvato inachitira ndi Doki Doki Literature Club mu 2017. Timagulu totere timalengeza sewero ntchito isanathe, ndipo okonda amadikira mosanyinyirika.

Ku Chiponde, pamalire a Malawi ndi Mozambique, mnyamata amene amapsa mtima akaima pang'ono pachipata cha kasitomu angathe kudikira chaka chathunthu mtsikana yemwe mphuno yake sinajambulidwe n'komwe. Ubwino wa namwali woteroyo ngwosachita kufunsa: safuna ankhoswe, omwe ndi oimira mabanja pa ukwati, salamula kuti mwamuna akamange nyumba kwa apongozi monga mwa chikamwini, ndipo akakwiya wosewera amangoyambiranso pomwe anasungira sewero. Chovuta n'chakuti kutsitsa sewerolo kumadya bandulo ya Airtel kapena TNM, ndipo foni ikakola netiweki ya ku Mandimba, tsidya la Mozambique, bwenzi uja amakhala ngati wawoloka malire wopanda chiphaso.

Akuluakulu amaseka achinyamatawa chifukwa chokonda munthu wooneka pafoni pokha, ndipo akatha kuseka amakhala pakhonde kudikira uthenga wa WhatsApp wochokera kwa mkamwini wawo wa ku Johannesburg.