Ulemu upite kwa shedi ya fodya

Anzathu a ku Lilongwe amatha nsapato ku Area 25 ndi ku Area 49 kusakasaka nyumba ya lendi yotsika mtengo, madobadoba akuwadyera ndalama yongoonera chitseko. Akanadziwa akanakwera basi ya ku Mzuzu n'kudzatsika kuno kumpoto kwa Kasungu, kuti aone chuma chimene ife a pa Chisemphere tili nacho: shedi yosankhiramo fodya.

Mwini wake akangotumiza mabelo omaliza ku msika wa Chinkhoma, amasesa zinyenyeswazi, n'kupachika chisaka pakati. Uku kwakhala kuchipinda, uku pabalaza. Mawa lake alowamo aphunzitsi atsopano amene asowa nyumba pasukulu, matiresi ali pa kabaza.

Kudzichepetsa kwa nyumbayi n'kosowa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, eni nyumba a m'matauni anathamangira kukweza lendi. Shedi inakweza monyinyirika, chifukwa ngakhale mwini wake mumtima sakhulupirira kuti ndi nyumba.

Nanga fungo lake! Fodya wa bale analowerera m'njerwa, ndipo samana mlendo. Amagawira bulangete, yunifolomu ya mwana, mpaka ufa wa m'thumba. Munthu wosasuta chibadwire, mkulu wa mpingo ndithu, amafika ku mapemphero Lamulungu azimayi a kwaya n'kumayang'anizana. Kuyetsemula kwa m'mamawa n'kwaulere. Eni shedi amalumbira kuti udzudzu umathawa fungoli, kungoti udzudzu wa kuno sunauzidwe.

Kuthimathima kwa magetsi a ESCOM sikukhudza nyumbayi, poti waya sunafikeko. Dzinja likafika, malata ake akale, amene anakhomedwapo kale pa madenga ena, amalowetsa madzi m'mabowo a misomali. Mukatchera beseni pamutu pa bedi ndi ndowa pakhomo, mwapulumuka mzere wa ku mjigo.

Koma ulemerero weniweni umaoneka fodya akauma m'chigafa, cha m'Malichi umu. Eni nyumba amafika madzulo, chipewa chili m'manja. "Odi aphunzitsi. Pepanitu, musunthireko katunduyu pang'ono, jeke ikubwera mawa." Sakuthamangitsani, ayi, ndi anthu oleredwa bwino. Amangokupatsani anzanu okhala nawo. Pabalaza panu pamadzaza aganyu atakhala pansi, miyendo tambalale, akusankha masamba, aatali kwaokha, ong'ambika kwaokha, n'kumamanga mapindi. Wailesi yanu amatsegula okha. Jeke imalira mpaka usiku podinda, ndipo m'mawa mumapeza belo latsamira pamene panali tebulo lolembera mapulani a phunziro.

Taganizani ulemu wake. Fodya ameneyu ku okushoni amagulidwa m'madola, ndiye amene amabweretsa ndalama zakunja zochuluka m'dziko muno, ndipo usiku wonse amene akumulondera ndinu. Mbava ikagwedeza chitseko, woyamba kudzuka ndinu. Malipiro a ulonda palibe amene amawatchula, lendinso satsitsa, poti ubale sauwerengera ndalama.

Ndalama zikatuluka, eni nyumba amabwera akumwetulira kudzalonjeza simenti pansi, pulasitala ndi windo lagalasi. Sabata yake yomweyo mumamva kulira kwa njinga yamoto yatsopano, mipando ikadali m'mapepala. Poti mvula ndi akuba sizidziwika, usiku imagona pabalaza panu.