Ulemu kwa Kanyali Koponda Dzina la Abwana

Pa antchito onse a m'mafilimu a makatuni, palibe woyenera kumuombera m'manja kuposa kanyali ka padesiki ka kampani ya Pixar. Mumakadziwa. Filimu isanayambe, ana atakhala kale chete, pamaoneka zilembo zisanu zakuda zitaima mwaulemu: P, I, X, A, R. Kenaka kudzanja lamanja kumatulukira kanyali kakudumpha ndi mwendo umodzi, masipuling'i ake akulira. Kamadutsa, kamaima, n'kucheukira chilembo I. Popanda moni, popanda kufunsa mlandu, kamamukwera pamutu n'kudumphapo mpaka mnzathuyo ataphwatalala. Kamaunguzaunguza ngati kakufuna amene wachita zoipazi, kenaka n'kutembenuka kutiunika ife m'maso. Ntchito ya tsikulo yathera pomwepo.

Kachita zimenezi kuyambira mu 1995, chaka cha filimu ya Toy Story, ndipo sikanalandirepo ngakhale kalata ya chenjezo. Tandiuzani wantchito wina amene amafika m'mawa, n'kuponda dzina la abwana ake makasitomala akuona, n'kuima pamalo pomwepo ngati mwini dzina ndiye. Wina atayerekeza, dzuwa silingalowe asanamange katundu. Koma aka anakaimikira chifanizo chachitali pafupifupi mamita 6 pakhomo pa likulu la kampani ku Emeryville, m'boma la California, ndipo alendo amajambulitsa pansi pake akumwetulira.

Tisanamizane kuti kanapulupudza kataona ndalama. Kanabadwa kotero. Mu 1986, Steve Jobs atagula gawo la makompyuta la kampani ya Lucasfilm limene linasanduka Pixar, kampaniyo inkadya za kugulitsa makompyuta odula kwambiri, ndipo chizindikiro chake chinali bokosi lotuwa lokhala ndi kadzenje pakati, chithunzi cha nkhope ya kompyutayo. Chinali chizindikiro chofatsa, cholerereka bwino, chosaponda munthu, n'chifukwa chake lero ochikumbukira ndi owerengeka. Padesiki ya John Lasseter, wojambula wa kampaniyo, panali nyali ya Luxo, mtundu umene Jac Jacobsen anayamba kupanga ku Norway mu 1937. Lasseter anaijambula pa kompyuta. Tsiku lina mnzake wa kuntchito anabwera ndi mwana wakhanda, Lasseter n'kuona mmene mutu wa khanda umakulira poyerekeza ndi thupi, ndipo anadzifunsa kuti mwana wa nyali angaoneke bwanji. Anafupikitsa mikono ndi masipuling'i, koma babu analisiya lalikulu momwemo, poti babu amagula kusitolo, silikula ndi mwana. Nzeru imeneyi yokha ikanayenera mphoto.

Kafilimu kake, Luxo Jr., n'ka mphindi ziwiri zokha, ndipo kanaonetsedwa chaka chomwecho ku Dallas pamsonkhano wa akatswiri a zithunzi za pa kompyuta wotchedwa SIGGRAPH. Muli chiyani m'menemo? Mwana wa nyali akusewera ndi mpira wachikasu wa mzere wobiriwira ngati thambo ndi nyenyezi yofiira. Akuukwera, akudumphapo, mpira n'kuphwa. Akuweramitsa mutu kwa kamphindi, ife n'kumati walapa. Posakhalitsa akutulukira akukankha chimpira chachikulu kuposa choyamba, kholo n'kungopukusa mutu. Akatswiri aja, anthu a masamu amene anabwera kudzaona mmene kompyuta imawerengera kuwala ndi mthunzi, anaimirira n'kuomba m'manja. Mmodzi mwa akuluakulu awo, Jim Blinn, anapita kwa Lasseter ndi funso, ndipo funsolo silinali la masamu. Ankafuna kudziwa ngati nyali yaikuluyo inali mayi kapena bambo. Onani mphamvu ya kanthu kopanda maso, kopanda pakamwa, kongokhala ndi khosi ndi kulira kwa zitsulo kumene Gary Rydstrom anakonza: kanachititsa munthu wophunzira kufunsa za mtundu wa chiwiya cha mu ofesi. Kafilimuko kanapikisana nawo pa mphoto ya Oscar, ndipo mu 2014 boma la America linakaika m'kaundula wa mafilimu oyenera kusungidwa mpaka kalekale. Mlandu wophwetsa mpira unasanduka chuma cha dziko.

Ena amadandaula kuti zizindikiro zoterezi zimangotichedwetsa, makamaka poti patsogolo pake pamabwera nyumba yachifumu ya Disney, kampani imene inagula Pixar mu 2006 pa madola 7.4 biliyoni. Ndimawamva, koma ayerekeze ndi anzake. Mnyamata wa DreamWorks wakhala pamwezi ndi mbedza yake zaka zonsezi, nsomba yake sitinadyeko. Totoro wa Studio Ghibli amangoti duu, osagwedeza ngakhale khutu. Kanyali kokha ndiko kamabwera ndi cholinga n'kuchikwaniritsa tisanamalize kukhala pansi. Ndiponso taonani bwino: m'kafilimu ka 1986 kankakoka chingwe cha magetsi kumbuyo, koma pachizindikiro chingwecho palibe. Kamayaka popanda soketi, popanda kugula mayunitsi. Ife amene timadziwa kudya nsima ndi kandulo tingachite bwino kulankhula za nyali yotere titatsitsa mawu.

Zaka zikamapita amakasinthira zovala, koma mtima ndi womwewo. Pa filimu ya Cars mu 2006 anakalembera mawu okondwerera zaka 20 za kampani, ndipo pa Cars 2 mu 2011 zaka 25. Mafilimu oonera ndi magalasi a 3D atayamba, ngati Up ya mu 2009, kamera inayamba kuonera chammbali n'kumazungulira, kuti tione bwino mmene I akulowera pansi. Pa Incredibles 2 mu 2018 chizindikiro chonse anachijambula mwa makatuni akale, chofiira psuu. Pa maphwando onsewa palibe tsiku limene I anapatsidwa tchuthi.

Kamodzi kokha m'pamene tinaona kanyali kali pamavuto, kumapeto kwa WALL-E mu 2008. Katangomaliza kuponda, babu lake linapsa. Pamenepo wina akanati mizimu yabwezera. Ayi ndithu. Kunabwera karoboti WALL-E, n'kuchotsa babu lakupsalo, n'kuikapo lina losunga magetsi, n'kukasisita pamutu ngati mwana wochita bwino kusukulu. Pochoka, karobotiko kanagunda chilembo R n'kuchigwetsa, ndipo pofuna kubisa mlandu kanadzipinda n'kuima pamalo pa R. Bambo R anakhala zaka 13 akuonerera mnzawo akupondedwa osatsegula pakamwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zilembo ziwiri mwa zisanu zinali pansi usiku umenewo, ndipo oonera anatuluka akuti filimu yake inali yokhudza mtima.

Pa intaneti anthu ansanje apanga timafilimu toseketsa tokagwira kanyalika n'kukazenga mlandu wakupha. Zimenezo n'zongolota. Mlandu weniweni unabwera mu 2009, ndipo unachokera kuchimuna, ku Norway. Kampani ya Luxo, imene inalekerera mwanayu kuyenda ndi dzina lake zaka zoposa 20, inakasuma itaona Disney ndi Pixar akugulitsa tinyali tenitweni ta Luxo Jr. pamodzi ndi filimu ya Up. Kudumpha m'mafilimu analibe nako kanthu, koma kulowa m'sitolo kukapikisana ndi abale ake kunawawawa. Maloya anakhala pansi, nkhani anaithetsa pokambirana, tinyalito anasiya kugulitsa, ndipo kanyali kanabwerera kuntchito pa filimu yotsatira, Toy Story 3. Pa zokambirana zonsezo, chilembo I sanamuitane ngakhale kudzapereka umboni.