Maso a nkhono ndi ndege ya m'kabati

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Aphunzitsi ndi abusa akhala akutikwapula ndi mwambi umenewu kuyambira kalekale, koma pali funso limodzi limene onsewo amalizemba: wadekha, nkhono yatulutsa timaso take, wationa, ndiyeno? Maso a nkhono sadyera nsima, ndipo landilodi sawalandira pakutha pa mwezi.

Kuno ku Area 23 kudekha timakudziwa. Timadekha pampopi madzi akaleka, timadekha pamzere wa mafuta, timadekhanso m'minibasi kudikira "mmodzi wotsala" amene kondakitala adayamba kumuitana dzuwa lisanatuluke. Koma kumeneko n'kudekha kwa mokakamiza. Kunja kuno kuli anthu amene amachita kugula kudekha ndi ndalama, kuli m'bokosi. Mmodzi wa iwo ndi madala ena opuma pantchito a kumtunda kwathuku, amene mwana wawo wa ku Joni adawatumizira ndege yapulasitiki yoduladula kuti alumikize okha. Mwanayo amafuna kuti bambo ake asamasungulumwe. Sadadziwe kuti wasowetsa mtendere mudzi wonse.

Masewerawa si a dzulo. Kampani ya Airfix ya ku Britain idayamba kugulitsa tindege totere m'zaka za m'ma 1950, koyambirira kali ka Spitfire, ndege ya pankhondo yachiwiri yapadziko lonse. Lamulo lake n'lakuti chilichonse chichepe mofanana. Pabokosi akalemba 1/72, ndiye kuti phiko, tayala ngakhale mutu wa woyendetsa zachepetsedwa ka 72. Ndege zazikulu zonyamula anthu amakonda kuzichepetsa ka 144. Ya madalawa ndi VC10, chindege cha mamita 48, chimene patebulo changoposa rula ya mwana wasukulu pang'ono.

Mwanayo sadasankhe mwangozi, poti bambo ake sakhala sabata osaitchula. Air Malawi idagula VC10 mu 1974 kwa British Caledonian, n'kumanyamuka pa Chileka mpaka ku London, injini zake zinayi zonse zili kumchira. Nambala yake inali 7Q-YKH. Tsoka ilo, bokosi lidabwera ndi zomata za eni ake a ku Britain. Madala adazikankhira kumbali n'kulumbira kuti dzina la Air Malawi alemba okha, ndi kamtengo kotokosera m'mano.

Apa ndiye nkhono idalowa m'chigoba. Kulumikiza sikudavute kwenikweni, kupatula tsiku limene magetsi adathima guluu ali pachala, ndipo madala adadya mgonero ndi dzanja lamanzere, chitseko cha ndege chili kakaka kudzanja lamanja. Chidavuta ndi utoto wofiira wa mzere wa m'mbali. Adatsikira kumsika, kwa mnyamata wa hadiweya.

"Wofiira ulipo, madala, ndi uwu."

"Ayi mwanawe, uwu ndi wa pakhonde."

"Nanga uwu?"

"Uwu ndi wa pageti. Ndikufuna wofiira wa 1974."

Mnyamatayo adawayang'ana mwachifundo n'kuwauza kuti wa chaka chimenecho udauma. Patapita masiku, mayi a kunyumba adayamba kusowa kyutekisi wawo, mdzukulu n'kukalipidwa popanda mlandu, pamene wakuba weniweni ali kuchipinda, mandala ali pamphuno, mpweya ataugwira kuti dzanja lisanjenjemere.

Vuto la munthu amene waona maso a nkhono n'lakuti safuna kuwaona yekha. Amafuna tonse tigwade tione nawo. Madala aja kale amacheza za mpira ndi mtengo wa feteleza ngati munthu aliyense. Lero mukangoti "ndege ija ya Kamuzu", amakufunsani kuti iti, ya chaka chanji, injini zinali pati. Pamaliro anthu amayamba aona kaye pamene akhala asanasankhe benchi.

Ozunzika kwambiri ndi ana. Ana a kuno akhala akupanga magalimoto ndi ndege zamawaya popanda bokosi kapena pepala la malangizo: waya wotola, zitsekerero za mabotolo, mphira wa chubu, basi. Tsiku lina kamnyamata kena kadadutsa ndi ndege yake, katamata mbendera kumchira, kakulengeza kuti ndi ya Air Malawi yopita ku London. Madala adakaimitsa ngati wapolisi wa pamsewu. Injini wazipachika kumapiko, kulakwa koyamba. Mbendera wajambula ya dzuwa loyera lathunthu, imene idabwera mu 2010 n'kuchotsedwa mu 2012, pamene VC10 idaleka ulendo wa ku London kale mu 1979, kulakwa kwachiwiri. Kamnyamatako kadamvetsera mwaulemu, manja kumbuyo, kenaka n'kufunsa: "Agogo, nanga yanuyo imayenda?"

Siyenda. Ili m'kabati pamodzi ndi makapu a alendo, ndipo kiyi ali m'thumba la jekete.

Ngakhale timawaseka, ine ndili kumbali yawo pang'ono. Air Malawi idatsekedwa mu 2013, ndipo ambiri mwa amene akukwera ndege ku Lumbadzi lero sadziwa n'komwe kuti dziko lino lidaulukapo ndi yakeyake mpaka ku Ulaya. Ngati m'dera lonseli muli malo amodzi oonera mbiri imeneyi, ndi m'kabati ya madalawa, ngakhale mzere wake uli wa kyutekisi. Kungoti kulowa n'kwaulere, kutuluka n'kovuta.

Pano akuti akufuna Boeing 737 ija yotchedwa Kwacha, imene idabwera mu 1991. Mayi a kunyumba atamva, adabwereka foni ya aneba kuti madala asaone nambala, n'kuimbira ku Joni: "Iwe, bambo akowa ukawatumiziranso ndege, utumize ndi ya basi. Ine ndikupita kwathu."